Mkazi wa Chipsera m'Buku la Bornwell

Bukulo linalowa m'chipinda cha aphunzitsi lili m'chikwama cha Clotilda, mphunzitsi wa Giredi 3, mkati mwa temu yachiwiri ya 1989. Kanali kabuku kopyapyala, ka mapepala otuwa ngati okulungira mchere. Pachikuto panali munthu wa chipewa wopanda nkhope, pamwamba pake mawu akuti Mzinda Wopanda Zitseko, ndipo pansi dzina la wolemba, Bornwell Miti.

Dainess Soko, mphunzitsi wa Giredi 6, anamva mkangano asanalowe n'komwe.

"Uwerenga, uwerenga, sudziwa ngati wapolisi uja alota kapena ali maso," ankatero Clotilda. "Msewu wamene apitamo kuseni, madzulo kulibe. Mutu uchita kuzungulira. Koma kusiya sungasiye."

"Ni chamba chabe," anayankha ba Matthias, ahedi a sukuluyo. "Munthu wanzeru angalembe ati masaka ya chimanga yapuma monga ng'ombe? Ati mvula yakuda monga inki? Buku ifunika chiyambi na mapeto. Ana akawerenga izi azafuntha."

Dainess atakankha chitseko, mawu onse anaduka. Clotilda anaika kaundula wa kalasi pamwamba pa kabukuko, koma mochedwa. Dainess anali ataliona kale dzinalo.

Bornwell Miti sanali mlendo kwa iye. Ndiye anali mboni pa ukwati wake ndi Jethro. Amuna awiriwo anachokera limodzi ku Chipata ali achinyamata, ndipo Bornwell ankadya kunyumba kwawo Lamlungu lililonse. Jethro anali kalaliki pa depoti yogulirapo chimanga ku Chongwe. Anayamba kufunsa kumene malole ena ankapita ndi chimanga pamene anthu ankaima pamizere ya ufa tsiku lathunthu. Loweruka lina mu 1985, dzuwa lili pamutu, galimoto yobiriwira yopanda manambala inaima pamsika. Munatsika amuna atatu, namutenga ali ndi nsomba zouma m'manja. Sanabwerenso. Chichokereni tsikulo, Bornwell naye sanapondenso pakhomo pa Dainess. Ankangomva kuti ali ku Lusaka, amakonza zolakwika m'mapepala pa kampani ina yosindikiza.

"Nipaseniko niwerenge," anatero Dainess.

"Ah, ba Dainess, si buku yabwino kwenikweni iyi," anatero Clotilda akuyang'ana pansi. "Ilibe na mutu."

"Manje munali kukamba ati munthu sangasiye. Nipaseni."

Anachotsa kaundulayo yekha n'kutenga bukulo. Palibe anamuletsa.

Anawerenga masana omwewo ataweruka, atakhala kuseri kwa nyumba pafupi ndi thandala la mbale. Poyamba anapsa mtima chifukwa bukulo linamugwira. Sanafune kuti chinthu cha Bornwell chimugwire, koma chinatero. Linali la wapolisi wochotsedwa ntchito, wakumwa, wosagona, amene ankafunafuna kalaliki wosowa mumzinda momwe nyumba zinalibe zitseko. Misewu inkasintha yokha. M'nkhokwe zazikulu matumba a chimanga ankapuma, ndipo ukaika khutu unkamva akutchula mayina a anthu. Kunali amuna atatu a majekete, pamalo pa nkhope posalala ngati dzira. Aliyense amene wapolisiyo ankamufunsa ankatsegula pakamwa n'kutuluka madzi akuda m'malo mwa mawu.

Pamenepo Dainess anaika buku pamiyendo. Zimenezi ankazidziwa. Anayendapo iye m'maofesi momwe ankamuuza kuti apite chipinda chachinayi, n'kupeza chipinda chachinayi kulibe. Anafunsapo iye anthu a pamsika, iwo n'kumangomeza malovu. Ndipo kalaliki wa m'bukumo ankaliza likhweru akamapopa njinga, nyimbo imodzimodzi, molakwitsa malo amodzimodzi. Anali Jethro. Misozi inatsika, ndipo kwa kanthawi anamuthokoza Bornwell mumtima, poti wina anali atakumbukira.

Kenako anafika tsamba 41.

"Mkazi wa kalalikiyo anali ndi chipsera cha moto padzanja lamanzere, chooneka ngati tsamba la nyemba. M'kwaya ankaimba mawu achiwiri. Amuna opanda nkhope atafika pamsika sanafunse munthu. Anangotembenukira kwa iye, ndipo iye analoza mwamuna wake ndi milomo."

Dainess anayang'ana dzanja lake. Chipseracho chinali pomwepo. Anapsa ndi mbaula ya pulaimasi chaka choyamba cha ukwati, ndipo amene anamukweza panjinga kupita naye ku kiliniki anali Bornwell yemweyo.

Anapitiriza kuwerenga mano ali gwa. Mkazi wa m'bukumo ankavala diresi yofiira, ankaseka ndi amuna a majekete m'bala momwe magalasi ankaonetsa anthu akufa. Kumapeto wapolisi uja anapeza kalalikiyo atakhala yekha m'nyumba ya kanema yopanda anthu. Anamufunsa kuti ndani anamugulitsa, kalalikiyo n'kuyankha kuti, "Kafunseni mkazi wanga." Kenako wapolisiyo anadzidzimuka ali m'basi, osadziwa ngati zonsezo anaziona kapena anazilota. Buku linathera pomwepo.

Diresi yofiira Dainess analibe. M'bala sanalowemo chibadwire. Tsiku limene Jethro anatengedwa, iye sanali n'komwe pamsika. Anali kunyumba akupukuta mwana wawo Virginia amene ankadwala chikuku. Koma chipsera chinali chake, kwaya inali yake, ndipo ku Chongwe kunalibe wina woti n'kumusokoneza naye.

Tsopano anamvetsa zinthu za masabata atatu apitawo. Anamvetsa chifukwa chake amayi a kwaya ankasiya mpata pabenchi iye akakhala. Anamvetsa chifukwa chake ba Abson, mwini golosale amenenso anali tcheyamani wa Chipani cholamula m'dera lawo, ankamupatsa sopo osamuyang'ana kumaso. M'mawa mwake anamupanikiza Clotilda kuseri kwa kalasi, ndipo Clotilda anaulula. Kabukuko kanali kamodzi kokha, koma kanali katazungulira Chongwe yonse. Ba Abson ankawerenga mokweza pakhonde la golosale kwa anthu odikira mafuta ophikira.

"Anali kukamba ati ivi va maloto ni vovalika chabe," anatero Clotilda. "Ati wolemba anabisa zoona mukati, wanzeru azaona yekha."

"Na iwe unaona chani, wanzeru?"

"Ine sininakhulupirire, ba Dainess."

"Koma unawerenga mpaka kumapeto. Unanipasa moni masiku onse, buku ili muchola."



Loweruka m'mawa kunabwera Jenala, mlongo wake wamkulu wa Jethro, amene ankalima kutsidya kwa mtsinje. Anakana mpando. Anaima pabwalo, chitenje atamanga m'chiuno molimba ngati wobwera kudzapalira.

"Nabwera kutenga Virginia," anatero. "Mwana ni wa kwa Soko. Ng'ombe tinapereka."

"Alamu, mwamva chani?"

"Ananiwerengera. Ine sukulu nilibe, koma makutu nili nayo. Zaka folo nili kulira na iwe, kansi nili kulira na njoka."

"Mu buku imeneyo masaka ya chimanga yakamba. Misewu iyenda. Nazo izo mwakhulupirira?"

"Izo ni za maloto. Koma chipsera si maloto. Onetsa dzanja."

Dainess anamuyandikira. Anatambasula dzanjalo mpaka pafupi ndi mphuno ya mlamu wakeyo.

"Ichi! Chione bwino! Ni dzanja yamene inasambitsa amai anu pamene anali kudwala. Mwana simuzatenga. Mubwere ku tchalitchi mailo Lamlungu, muzamva kuchoka mukamwa mwa wamene analemba."

Jenala atachoka, Dainess anasiya Virginia kwa aneba, natulutsa njinga ya Jethro. Ankadziwa kuti Bornwell anapeza poloti ku Kanakantapa, kumene boma linkakhazika anthu ochoka m'tauni kuti azilima, ndipo ankapitako Loweruka lililonse. Msewu unali wafumbi ndi wamabampu. Anapalasa osapuma, buku ali atalimanga ndi mphira pakaliyala, ndipo njira yonse ankalankhula yekha mawu amene ati akanene.

Anamupeza akuzula zitsa pafupi ndi kanyumba ka mitengo ndi dothi. Bornwell anali ataonda, tsitsi litayamba imvi m'mbali. Ataona amene akubwera, anaika pansi piki, napukuta manja pabuluku kwa nthawi yaitali.

"Mulamu," anatero.

"Usaniitane mulamu." Dainess anaponya bukulo pamapazi pake. "Tsegula peji fote wanu. Werenga mokweza. Nifuna nimve na mawu yako."

"Dainess, ni nthano. Ni maloto chabe. Aliyense wowerenga aona kuti..."

"Aliyense wowerenga aona ine! Mzinda unaupasa dzina ya boza. Jethro unamupasa dzina ya boza. Aja amuna atatu unawachosa na nkhope zonse, kuti asadziwike olo na amai awo. Koma ine? Ine unanisiyira chipsera changa. Chifukwa chani?"

Bornwell anakhala pachitsa. Analankhula akuyang'ana nyerere zimene zinkatuluka m'dzenje.

"Ninalemba koyamba mwa njira ina. Munalibe mkazi. Munali chabe galimoto na aja amuna, na kwamene anachokera. Wosindikiza anawerenga, anatseka chitseko, ananiuza ati ufuna tonse tikagone mukati mwa jele? Ati chita kuti ikhale maloto, ndipo wolakwa akhale munthu wa panyumba. Nkhani ya chikondi, ya nsanje. Iyo siivuta munthu."

"Siivuta munthu," anabwereza Dainess. "Ine sindine munthu."

"Sininaganize kuti izafika ku Chongwe. Tinapanga makope ang'ono chabe."

"Nakufunsa za chipsera."

Bornwell anayang'ana dzanja lamanzere la Dainess. Kenako anati, motsitsa mawu, "Mkazi uja sanali kumveka wamoyo. Ninayesa kangati. Ninafuna kanthu kamodzi ka zoona kuti owerenga amukhulupirire."

Dainess anaseka, kuseka kouma kumene kunadabwitsa ngakhale iye mwini.

"Wakwanisa. Amukhulupirira. Alamu anga abwera kuseni kutenga mwana wa Jethro. Buku yako yagwira ntchito, ba wolemba."

Bornwell anadzutsa mutu. Zimenezo sanazidziwe, ndipo nkhope yake inaonetsa.

"Ninafuna chabe kuti asaiwalike," anatero. "Zaka folo palibe wotchula dzina yake. Ine nimamuona mumsewu, mubasi, paliponse. Zija zonse ninalemba, mvula yakuda, misewu, ni mwamene nikhalira ine."

"Na ine nikhala bwanji? Unabwerapo kufunsa? Ninayenda maofesi nekha. Iwe unali kulota." Anatola bukulo, nalikutumula fumbi. "Zamene unalemba za Jethro na njinga, zinanililitsa. Ndiye chamene chinikalipitsa maningi. Udziwa kulemba zoona. Unasankha chabe wamene sangakumange. Mailo uzabwera ku tchalitchi. Uzakamba pamaso pa onse. Ukapanda kubwera, nizabwera kuno na Virginia, umuuze wekha kuti amai ake anagulitsa atate ake."

Lamlungu Bornwell anabwera, atavala jekete yomukulira. Mapemphero atatha anthu sanabalalike monga mwa masiku onse, poti mbiri inali itamveka kale. Anaunjikana pansi pa mtengo wa mthethe kutsogolo kwa tchalitchi. Ba Abson anaima chapatali pang'ono, manja kumbuyo. Jenala anakhala pansi kutsogolo kwenikweni.

Bornwell analankhula mawu ochepa. Anati bukulo ndi lopeka. Anati mkazi wa m'menemo anamupanga yekha, ndipo analakwa kumupatsa chipsera cha munthu wamoyo. Anati Dainess sanachite kanthu kalikonse, ndipo akupepesa.

"Chabwino," anatero Jenala. "Ngati si iye, ni ndani? Iwe wamene udziwa kulemba, tiuze. Ndani anatenga mulongosi wanga?"

Bornwell anatsegula pakamwa. Anayang'ana kwa ba Abson, nayang'ana kumsewu, kenako nsapato zake. Wina kumbuyo anatsokomola.

Dainess sanakonzekere kulankhula. Anangopezeka ataima.

"Musamuvute, ni wa maloto uyu. Nizakamba ine, olo sininaliko. Linali Loweruka, pa twelofu koloko, pamsika apa. Motoka ya girini yopanda manambala. Amuna atatu, ndipo anali na nkhope, nkhope zabwinobwino. Umodzi anali na ndevu. Nidziwa chifukwa imwe ba Lister munaniuza tsiku yamene ija, mukulira, ndiye mailo yake munakamba ati simunaone kanthu. Imwe ba Abson munali pakhonde na sikelo m'manja. Anakupasani moni asanamugwire. Theka ya imwe muli pano munaliko. Zaka folo palibe wamene anakamba. Manje kwabwera kabuku kokamba ati ni mkazi, mwapeza pakamwa nonse! Muwerengerana pa golosale! Chifukwa mkazi alibe motoka ya girini!"

Mawu ake anamveka mpaka kumsewu. Ba Lister, mayi wogulitsa tomato, anaphimba nkhope ndi chitenje. Kenako anthu anayamba kuchoka, awiriawiri, mofulumira ngati kukubwera mvula. Ba Abson anafika pafupi ndi Dainess, nalankhula motsitsa.

"Ba ticha, mwakamba maningi. Mwamene mwakambira, simunaniike ine chabe pa mavuto."

"Mukawerenge pakhonde na izo," anatero Dainess.

Bornwell anali atapita kale. Dainess anamuona patali akukankha njinga yake, osakwera.

Jenala yekha ndiye anatsala, ali chikhalire pansi. Sanapepese. Anangofunsa kuti, "Wa ndevu uja, anali mutali?" Dainess anati sakudziwa, akafunse ba Lister. Jenala anadzuka n'kulondola kumene ba Lister analowera. Za kutenga mwana sanazitchulenso.

Patapita masabata atatu kunabwera kalata. Ba Matthias anaipereka ali chiimire, akupukuta magalasi awo mosalekeza. Dainess ankasamutsidwa kupita ku sukulu ina yaing'ono mkati mwa midzi ya kwa Nkomeshya, kumene basi sinkafika. Chifukwa sichinalembedwe.

"Ine ninakamba kuchokera pa chiyambi kuti buku ija ni yoipa," anatero ahediwo.

"Munakamba ati ni chamba," anayankha Dainess. "Simunakambe ati ni boza."

Tsiku losamuka kunabwera ngolo ya ng'ombe m'malo mwa lole imene Dainess anapempha. Woyendetsa anali mwamuna wake wa Jenala, ndipo Jenala anali atakhala kumbuyo. Anakweza bedi, mbaula, mabokosi a mabuku ndi nkhuku zitatu zomanga miyendo. A kwaya sanabwere, kupatula awiri amene anaima patali n'kukweza manja. Clotilda anathandiza kunyamula matiresi akulira, ndipo Dainess anamulola kunyamula koma sanamutonthoze.

Ngolo inadutsa kutsogolo kwa golosale. Pakhonde panali mzere wa anthu odikira shuga, ndipo onse anapeza choyang'ana kwina. Virginia anafunsa ngati kusukulu yatsopanoyo kuli bwalo la netibo. Dainess anati sakudziwa, koma ngati kulibe akalambula okha. Jenala anamuuza mwamuna wake kuti azimenya ng'ombezo pang'ono, chifukwa mtunda unali wautali ndipo ankafuna kubwerera dzuwa lisanalowe.